Mbumba, Nkhoswe ndi Mkamwini: Banja la Achewa ndi Zimene Akatswiri Adanena za Ilo

Gawo 22 la malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi, omwe adakhazikitsidwa mu 1994, limanena kuti banja ndilo maziko a mtundu wa anthu, ndiponso kuti liyenera kutetezedwa ndi boma pamodzi ndi anthu onse. Mawuwa ngosavuta kuwavomera. Vuto limadza munthu akafunsa kuti banja likunenedwalo ndi liti, nanga malire ake ali pati. Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa kusekondale, ophunzira akhala akundiyankha funsoli msangamsanga monga adaloweza m'mabuku: banja ndi bambo, mayi ndi ana awo. Koma ndikawafunsa amene amawalipirira fizi, kapena kumene amakakhala sukulu ikatsekera, mayankho amasiyana ndi zolowezazo. Wina amatchula atsibweni, wina agogo, wina mayi ake aang'ono.

Chinenero chathu chimaulula chomwe chikuchitika apa. Tikati "uje ali pa banja" timatanthauza ukwati, ndipo tikati "banja latha" ndiye kuti mwamuna ndi mkazi asiyana. Komatu palibe Mchewa amene anganene kuti mbumba yake yatha chifukwa chakuti ukwati wa mlongo wake wasokonekera. Makolo athu adali ndi mawu awiri chifukwa adali ndi zinthu ziwiri. China chidali chomanga anthu awiri ochokera kosiyana, ndipo chinkatha kumasuka. China chidali cha magazi, chimene amati chibale n'fupa, sichiola.

Tiyambe takumbutsana m'mene zinthu zidaliri. Mudzi wa Achewa unkamangidwa pa amayi a bele limodzi: gogo, ana ake aakazi, ndi ana a anawo. Mwamuna aliyense wamkulu adali ndi mbumba, ndiwo alongo ake pamodzi ndi ana awo, ndipo iye adali nkhoswe yawo. Mwana wa mlongo wake akapalamula mlandu, woitanidwa kubwalo adali iyeyo. Matenda akakula, maliro akagwa, mtsikana akafunsiridwa, uthenga unkayamba wafika kwa mwini mbumba. Koma mwamuna yemweyo akakwatira ankasamukira kwa mkazi wake kukakhala mkamwini. Kumeneko ankamanga nyumba, kulima m'munda wa apongozi, pambuyo pake n'kupatsidwa malo akeake olima pa nthaka ya kuchikazi. Ana omwe ankabereka adali a mbumba ya mlamu wake. Choncho mwamuna mmodzi ankasenza maudindo awiri m'midzi iwiri: kwina adali mlendo wolima ndi kubereka, kwina adali mwini wa anthu. Ufumu nawo unkayenda m'njira yomweyo, kuchoka kwa mtsibweni kupita kwa mphwake. Ngakhale mpando wa Kalonga umadutsira mwa Nyangu, mayi wa fuko la Phiri amene amabala mafumu.

Azungu ophunzira atayamba kulemba za mabanja otere m'zaka za m'ma 1800, sadawaone ngati njira ina yokhalira, koma ngati zotsalira za makedzana. Mu 1861 Johann Jakob Bachofen wa ku Switzerland adalemba kuti anthu onse pachiyambi ankatsata mzere wa amayi. Lewis Henry Morgan wa ku America, yemwe adafufuza za mtundu wa Iroquois, wotsatanso kuchikazi, adakulitsa ganizoli m'buku lake la mu 1877. Kenaka mu 1884 Friedrich Engels, mnzake wa Karl Marx, adatenga mfundo za Morgan n'kuzipatsa chifukwa. Iye adati m'mene amuna adayamba kusonkhanitsa chuma, makamaka ziweto, adafuna kuti chumacho chidzagwere ana awo owabereka okha, motero adagwetsa mzere wa amayi n'kukhazikitsa banja lomwe mwamuna ndiye mwini zonse. Kwa Engels, ntchito yaikulu ya banja lotero ndiyo kusunga chuma m'manja mwa eni ake ndi kuchipatsira ku mbadwo wotsatira.

Amuna atatuwa sadapondepo pa dziko la Amaravi, ndipo ganizo lawo lakuti mitundu yonse imakwera makwerero amodzi, ena ali pansi ena ali pamwamba, akatswiri adalitaya kalekale. Komabe Engels sitingamutaye yense. Pa mfundo yakuti chuma chikasintha banja nalo limasintha, mbiri yathu ikumuchitira umboni, monga tionere posachedwapa. Ndiponso mu 2003 Clare Holden ndi Ruth Mace, atayerekeza mitundu yambiri yoyankhula zinenero za Chibantu, adapeza kuti mitundu imene idayamba kuweta ng'ombe ndiyo idakonda kusiya mzere wa kuchikazi.

Gulu lina la akatswiri lidafunsa funso losiyana. Iwo sadafune kudziwa kumene banja lidachokera, koma ntchito imene limagwirira mtundu. Mu 1949 George Peter Murdock, atasanthula zolembedwa za mitundu 250, adagamula kuti banja la mwamuna, mkazi ndi ana likupezeka kulikonse, ndipo kuti limagwira ntchito zinayi: kulongosola za kugonana, kubereka ana, kupezera anthu zosowa zawo, ndi kuphunzitsa ana khalidwe. Talcott Parsons, polemba mu 1955 za mabanja a ku America, adati m'maiko a mafakitale ntchito zambiri zidalandidwa ndi sukulu, chipatala ndi boma, ndipo banja lidatsala ndi ziwiri, kulera ana aang'ono kuti adziwe mwambo wa anthu awo, ndi kukhazika mtima pansi akuluakulu. Adagawanso maudindo: mwamuna wopezera banja chakudya ndi kuliimirira kunja, mkazi wosamala mitima ya a m'nyumba.

Mfundo za Murdock ndi Parsons ndizo zidalowa m'mabuku a sukulu, ndipo ndizo ophunzira anga amandibwezera. Ntchito zomwe adatchulazo n'zoona. Palibe mtundu ungakhale popanda wozigwira. Kulakwa kwawo n'kwakuti adaziunjika zonse pansi pa denga limodzi. Kwa Achewa ntchitozi zidali zomwazika m'mudzi monse. Mwana akangosiya kuyamwa n'kukulako pang'ono, ankachoka m'nyumba ya makolo ake. Atsikana ankakagona kukuka kwa agogo, anyamata kumphala, ndipo nthano, zilapi ndi malangizo ankazimvera kumeneko. Mtsikana akatha msinkhu, omulanga adali anamkungwi, osati mayi wake. Mnyamata ankakakhwimira kudambwe. Chakudya chinkadyedwa pa chidyerano, moti mwana wa mayi waulesi kapena wodwala sankagona ndi njala. Munda ukakula, ankaitana dima. Woimirira anthu pa mlandu, amene Parsons akadayembekeza kuti akhale bambo, adali mtsibweni. Ndipo chodabwitsa n'chakuti bambo, popeza sadali woweruza ana ake, nthawi zambiri ndiye ankakhala womasuka nawo. Ngakhale ukwati weniweniwo sudali wa anthu awiri: unkaimira pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo popanda iwo anthu ankangouyesa chibwenzi.

Amene adafika pafupi n'kuona ndi maso adali akatswiri ogwirizana ndi Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lofufuza lomwe lidakhazikitsidwa mu 1937 ku Northern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zambia. Audrey Richards, yemwe adakhala pakati pa Abemba, adalemba mu 1950 kuti mabanja otsata kuchikazi ali ndi mfundo yovuta kumasula. Mzere ukudutsira mwa akazi, koma ulamuliro uli m'manja mwa amuna. Tsono mkazi ndi ana ake amvere yani, mwamuna wake kapena mlongo wake? Nanga nkhoswe ingasamale bwanji mbumba yake pamene iyo ili ku chikamwini, mtunda wautali?

Ena amati Richards adaona vuto pamene eni ake sankaliona, chifukwa adabwera ndi maganizo akuti mkazi ayenera kukhala pansi pa mwamuna wina wake. Pali choona pamenepo, pakuti m'midzi yambiri mawu a gogo wamkulu wa bele ankalemera kuposa a nkhoswe. Koma ine sindingati mfundoyo idali yongopeka. Makolo athu ankaidziwa, ndipo adali ndi njira zoifewetsera. Amuna ambiri ankakwatira m'midzi yoyandikana kuti azitha kufika kwawo tsiku lomwelo. Ukwati wa pachisuweni unkathandiza kuti chuma ndi ana zisapite kutali. Mfumu ndi mwini mbumba wamkulu ankaloledwa kutenga mkazi kubwera naye kwawo, ndicho chitengwa, ngakhale ana ankakhalabe a kuchikazi. Njira zoterezi anthu sazipanga popanda chowavuta.

Max Marwick ndiye adalowa m'kati mwenimweni. Iye adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, m'boma lomwe linkatchedwa Fort Jameson, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1950, ndipo buku lake, Sorcery in its Social Setting, lidatuluka mu 1965. Marwick ankalemba imfa ndi matsoka zomwe zinkagwa m'midzi, ndi kufunsa amene anthu ankamuganizira. Adapeza kuti pa nkhani za ufiti, oganizirana kwambiri adali abale a mzere umodzi wa kuchikazi. Chifukwa chake adachifotokoza motere: mlendo akakulakwira umamutengera kubwalo, n'kulipitsana, nkhani n'kutha, koma mbale wako sungamusumire, choncho mkwiyo umatsalira m'mimba. Mbumba ikakula kwambiri, bele lalikulu ndi bele laling'ono n'kuyamba kulimbirana ufumu kapena minda, kunenezana ufiti ndiko kunkapereka chifukwa chokwanira choti ena asamuke n'kukamanga mudzi wawo.

Nkhani imeneyi siikoma kuiwerenga pa tsiku la chikondwerero, koma ndaiika dala. Murdock ndi Parsons adajambula banja ngati malo a mtendere okhaokha. Marwick adatikumbutsa kuti pamene pali chikondi chachikulu ndi pomwenso pali mangawa aakulu, ndipo aliyense amene adakhalapo pa zokambirana za pambuyo pa maliro akudziwa kuti sadaname.

Tsono banja limeneli silidaime malo amodzi. Wolemba mbiri wathu, Kings Phiri, adalongosola mu 1983 m'mene lidasinthira kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Choyamba chidali malonda a akapolo. Mwamuna wokhala ndi chuma ankatha kugula mkazi wa ukapolo, ndipo popeza mkaziyo adalibe nkhoswe, ana ake adali m'manja mwa bambo wawo. Apa ndi pamene amuna ena adalawa koyamba ulamuliro pa ana owabereka okha. Kenaka kudabwera Angoni, omwe adawoloka Zambezi mu 1835, ndi mwambo wawo wa lobola ndi mzere wa kuchimuna, ndipo Achewa okhala pansi pa Mpezeni kapena Gomani adatengerako zina. Amishoni nawo adafika: a Dutch Reformed Church ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, Akatolika ku Mua mu 1902. Iwo ankaphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, ndipo ku mpingo wa Nkhoma chinamwali chidalowedwa m'malo ndi chilangizo. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la mu 1997 lonena za amayi a Chichewa m'mpingowu, adaonetsa kuti amayi omwe kale adali ndi maudindo aakulu pa chipembedzo, monga Makewana wa ku Msinja, adapezeka atakhala kumbuyo. Mfundo yake ikugwirizana ndi ya akatswiri omenyera ufulu wa amayi m'maiko ena, akuti pofunsa ntchito ya banja tizifunsanso amene akupindula ndi amene akusenza katundu.

Koma chimene chidagwedeza mbumba koposa zonse ndi ndalama. Msonkho wa nyumba, womwe boma la atsamunda lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, udatulutsa amuna m'midzi kupita ku Halale ndi ku Joni. Ena ankabwera ndi njinga ndi masutikesi, ena osabweranso, n'kutchedwa matchona. Ulendo wa ku migodi kudzera ku Wenela udapitirira mpaka 1974, pamene ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa kulemba anthu. M'zaka zonsezo midzi yambiri idatsala m'manja mwa amayi, ndipo apa mbumba idaonetsa mphamvu yake: mkazi wosiyidwa adali pa nthaka yakwawo, pakati pa abale ake, osati pakati pa alamu. Fodya naye adachita zake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa adayamba kulima fodya wochuluka, ndipo fodya amafuna chigafa, nkhuni ndi thukuta la chaka chonse. Mkamwini ankadzifunsa kuti, ndimangirenji zonsezi pamudzi pamene mawa angandipirikitse ndi kathumba kokha? Chitengwa chidayamba kuchuluka. Pamene ntchito yotukula ulimi m'boma la Lilongwe idayamba mu 1968 ndi thandizo la World Bank, minda idalembedwa m'kaundula m'dzina la woimira banja, ndipo kawirikawiri woimirayo adali mwamuna. Engels akadaona zimenezi akadagwedeza mutu movomereza.

Ndale nazo zidabwereka mawu a pamudzi. Dr Hastings Kamuzu Banda adaudziwa mwambowu bwino lomwe. Ali mnyamata pa ulendo wake wa ku Southern Rhodesia ndi South Africa adali ndi mtsibweni wake, Hanock Msokera Phiri, ndipo mu 1946 adafotokozera Azungu za mbumba ndi nkhoswe m'mawu otsogolera buku la Our African Way of Life, lomwe adakonza pamodzi ndi Cullen Young. Atatenga dziko adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse a m'Malawi n'kukhala mbumba yake. Mawuwo adafika kwa mitundu yomwe siidawadziwe kale, komanso adasintha tanthauzo. Nkhoswe ya pamudzi mbumba inkatha kuidzudzula, ngakhale kuikana ikalephera udindo. Ya ku Sanjika panalibe woidzudzula, ndipo kwa achinyamata ambiri a lero liwu lakuti mbumba limangowakumbutsa amayi ovina pa msonkhano.

Poona zonsezi, akatswiri ambiri ankayembekeza kuti mzere wa kuchikazi uzimirira. Mu 1969 Mary Douglas adafunsa poyera ngati mwambowu udali pafupi kutha mu Africa, ndipo iye adakayika. Nthawi yamuvomereza. Pauline Peters, yemwe adafufuza kwa zaka zambiri m'midzi ya ku Zomba, adapeza kuti kumeneko minda ikudutsabe kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ngakhale malo achepa ndipo fodya adalowa. Kuno kwathu nako, mfumu ikamwalira, amayi a mbumba ndiwo amakhalabe pansi kusankha wolowa, ndipo palibe ukwati wa pa tchalitchi umene umayenda bwino ankhoswe asanaonane.

Chomwe chatichitikira si kutha kwa mwambo, koma kung'ambika kwake pakati. Kale ulamuliro ndi udindo zinkayendera limodzi: mtsibweni ankalamula mphwake chifukwa ndiye ankamulipirira mlandu, ndipo mphwake ankalowa chuma chake chifukwa ndiye adamusamala. Lero fizi, mankhwala ndi zovala tidazikankhira kwa bambo, ndipo n'zoyenera, pakuti malipiro a pamwezi sangakwanire ana ako ndi a alongo ako onse. Koma bamboyo akamwalira, abale ake ena, omwe sadaguleko ngakhale kope limodzi, amakumbukira mwambo mwadzidzidzi n'kubwera ndi galimoto kudzatenga malata, mipando ndi mabuku a kubanki. Amatero m'dzina la chikhalidwe, chonsecho chuma chomwe makolo ankasiyirana chidali khasu, nkhwangwa, uta ndi dzina, ndipo wolowa dzinalo ankalowanso udindo wosamala anthu. Nyumba ya njerwa ya ku Area 25 kapena ku Chipata, yomangidwa ndi thukuta la mwamuna ndi mkazi wake, mwambo wakale sudaidziwe.

Boma lidachita kulowererapo. Ku Zambia lamulo la mu 1989 lidagawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena omwe ankadalira malemuyo. Ku Malawi lamulo la mu 1967 linkapatsabe olowa chuma mwa mwambo gawo lawo, koma la mu 2011 lidaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi odalira malemu, ndipo lidati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Malamulowa ndimawayamikira, chifukwa ndaona ana anzeru akusiya sukulu teremu yomwe bambo awo adaikidwa m'manda. Koma tizindikire kuti pamenepa boma lidasankha tanthauzo la banja, ndipo lidasankha loyandikira kwa Murdock kuposa la kumudzi. Lamulo lingaletse mtsibweni kulanda, silingamukakamize kulera.

Kulerako ndiye kudayesedwa kwambiri kuyambira 1985, pamene matenda a Edzi adapezeka koyamba m'Malawi. M'zaka zotsatira mabanja a bambo, mayi ndi ana adagwa ambirimbiri, m'tauni ndi m'midzi momwe, makolo onse awiri kupita motsatizana. Nyumba zosungira ana amasiye zidalandira ochepa chabe. Ochuluka adabwerera kumene Mchewa amabwerera zikavuta, kwawo kwa mayi wawo. Ntchito zimene akatswiri adati n'za mwamuna ndi mkazi wake, kudyetsa, kulera ndi kulanga, zidagwera agogo aakazi a zaka 60 ndi 70, ndi azakhali kapena amayi aang'ono omwe adali kale ndi ana awo.

Pa fomu yolembetsera ophunzira pali mzere umodzi wofuna dzina la kholo kapena womuyang'anira mwana. Chaka chilichonse ndimawerenga mayina olembedwa pamzerewo, ndipo pa tsiku la msonkhano wa makolo ndimaona eni mayinawo atakhala pa mabenchi. Abambo amakhalapo, ndipo akuchuluka kuposa m'mene zidaliri nditangoyamba ntchito. Atsibweni amabwera owerengeka, makamaka mwana akapalamula. Mabenchi akutsogolo amadzaza ndi amayi achikulire, ndalama ya fizi itamangidwa pa mfundo ya chitenje, ndipo ndikawafunsa kuti mwanayu ndi ndani wawo, amayankha kuti ndi mwana wa mwana wawo wamkazi.